Dzina Lanu Laoneka pa Kampango

San José,
Lachitatu

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko? Nanga bondo lija likukulolani kutsikira kumtsinje? Ine m'thupi ndili bwino. Ntchito ya ku bekale ikuyenda, kungoti mvula yakuno siikudziwa kupuma ndipo denga likudonthera pabedi penipeni.

Kalatayi ndapatsira Rigoberto, dalaivala wa basi uja, kuti akupatseni pamanja. Izi si zokamba pa foni, inunso mukudziwa kuti foni yanu ili ndi makutu ambiri.

Msonkhano ndinkakuuzani uja wayamba, wa nduna za mayiko onse a chigawo chathu chino. Ife a mabungwe omenyera ufulu wa anthu tabwera ndi pempho limodzi, loti asachotse m'pangano la mayikowa ndime yolola komiti yawo ya za ufulu kulowa m'dziko lililonse kukafufuza anthu osowa. Maboma ena, kuphatikizapo lathu, akufuna ndimeyo ifufutidwe. Ikangochoka, nkhani ya mchimwene wanga Nahún ibwerera m'manja mwa anthu omwe aja ankatiuza kuti anathawa ndi mkazi.

Mabungwe tilipo ambirimbiri, koma mpata woyankhula anatipatsa waufupi ngati pemphero la pa chakudya. Tinatha sabata tikukangana za mawu oti tikanene. Loya wathu, a Ovidio, anachenjeza kuti tisatchule dziko kapena dzina la munthu, apo ayi chaka chamawa atitsekera kunja. Doña Griselda, mayi amene amatitsogolera, amene mwana wawo anasowa panjira yopita kumpoto kokafuna ntchito, sanachedwe kuyankha. Anati, “A loya, inu munasowetsapo chiyani pamoyo wanu, kupatula tsitsi la pamutupo?” Tinaseka mpaka misozi, koma pamapeto pake tinamvera loyayo.

Pakhomo la holo alonda anatilanda zikwangwani ndi zithunzi zonse. Timipango tathu topetapo maina a osowa sanalimbane nato, ankaona ngati n'topukutira thukuta. Kanu kaja kanali m'thumba mwanga, kamene munapetapo dzina la Nahún. Ndimakumbukirabe momwe munakanira ulusi wofiira, n'kunena kuti wofiira ndi wa akufa, mwana wanu ndi wosowa chabe, apetedwe ndi wobiriwira.

Doña Griselda ali pakati poyankhula, wapampando anawathokoza n'kuzimitsa maikolofoni. Sitinapangane, Amayi. Ndinangoona mayi wina wa ku Colombia waimirira n'kutambasula kampango kake, kenaka wina, kenaka mzere wonse. Nduna zina zinayamba kufunafuna kanthu m'mapepala awo. Nanenso ndinaimirira.

Inu mukapeta chinthu simulephera kuika dzina lanu m'munsi, ngakhale pa nsalu ya pathebulo. Pa kampangoka munapeta kuti: Mayi ake, Eufemia, Las Pitas. Ndinali nditakonza zopinda mbali imeneyo, koma m'phuma lija ndinakatambasula konse. Makamera anali patsogolo panga. Tsiku lomwelo kanaoneka pa kanema, dzina lanu ndi mudzi wathu zikuwerengeka bwinobwino.

Dzulo pa nthawi ya khofi, bambo wina wa suti yokongola, wa m'gulu la boma lathu, anandipeza pakhonde. Anandipatsa moni mwaulemu n'kuyamikira kuti mayi anga ali ndi luso la manja. Kenaka anafunsa ngati mtengo wa mapeyala wa pageti panu ukubalabe, komanso ngati mukugonabe nokha m'nyumbamo. Ine za mtengowo sindinauzepo munthu aliyense kuno. Kapu inandipulumuka. Sindikubisirani, ndili ndi mantha, omwe aja a tsiku limene anthu ophimba kumaso anadzatenga Nahún chifukwa chokana kuti akumbe mgodi kwathu.

A Ovidio apempha kale komiti ija kuti iuze boma likutetezeni, koma mapepala amayenda wapansi, pomwe anthu amenewa amayenda pa galimoto zopanda nambala. Nduna zivota za ndime ija Lachisanu. Ena akuti zimene tinachita zafewetsa mitima ya mayiko angapo, ena akuti tangokwiyitsa akuluakulu. Ine sindikudziwa. Doña Griselda akuti ndisadziimbe mlandu, ati, “Mwana iwe, mayi ako sanapete dzinalo kuti likhale m'thumba.” Mwina akunena zoona, koma iwo sanamuone bamboyo akumwetulira.

Pempho langa ndi limodzi. Nyamukani mupite kutauni kwa mng'ono wanu Chabela, mukakhale kumeneko mpaka ndidzakuuzeni. Rigoberto wavomera kukutengani pa basi yomweyo. Nkhuku musiyire oyandikana nanu nyumba aja, Doña Tomasa, ndipo khofi wa m'munda ngati aole, aole.

Yankho lanu ndikulidziwa, ndalimva kambirimbiri, loti Nahún akadzabwera asadzapeze chitseko chotseka. Amayi, Nahún amadziwa pokhala kiyi. Kuyambira ali mnyamata ankalowa ndi kiyi wa pansi pa mphika wa maluwa uja, inu mukuganiza kuti wagona kalekale. Siyani kiyiyo pamalo pake, iye sadzasowa polowera. Chonde musalimbe mutu pa nkhani iyi yokha.

Mundiperekere moni kwa amayi aang'ono Chabela, kwa amalume Cleto ndi ana awo, komanso kwa Doña Tomasa. Musawauze chifukwa cha ulendowu, mungoti mukupita kuchipatala ndi bondo.

Kampango kaja ndakachapa n'kukasita, ndikakhala nako m'holo Lachisanu. Ulusi wobiriwira umene munandipatsira ulipo wotsala, wokwanira dzina lina. Ndikukupemphani, Amayi, musandipetetse lanu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yamileth