Nkhadze yanuyo ikhale

Amake Angella,

Musadzidzimuke ndi fungo la utsi, pepani. Ndinasiya simbi yamakala pa suti yanga ya ku Joni ija n'kupita kukasamba. Amayi Mkandawire oyandikana nafowa ataona utsi, analowera pampata wa mpanda wanu wa nkhadze ndi ndowa yamadzi n'kuzimitsa moto usanagwire denga. Ukanakhala mpanda wanjerwa wa mabotolo pamwamba umene ndinkaumirira uja, bwenzi mutapeza phulusa.

Ine amene ndaona mipanda ya ku Harare ndi ku Durban ndagonja. Ndathamangira ku Kanengo kukaletsa lole ya simenti. Mmisiri akabwera mumuuze asakumbe maziko. Amayiwo muwapititsire tambala wamkulu uja, ineyo ndikathokoza ndekha ndikabwerako.

Munalondola ndinu, koma musakazilengeze kwa amayi anzanu ku Chigwirizano.

Mwamuna wanu,
Gilford