Ndawauza a ku Leeds Kuti Ndikubwera

Aphungu,

Pepani ngati kalatayi ikudumphadumpha, mwini wakenso akudumpha. Ndine namwino kuno ku Leeds, wa zaka 47, ndipo mwezi wathawu ndalandira chilolezo chokhazikika muno, chija amati ILR (Indefinite Leave to Remain). Ndinavina m'khitchini mpaka mzungu woyandikana nane anagogoda kudzafunsa ngati kwagwa zovuta.

Koma nkhani yokoma si imeneyo. Ndapeza bambo! Dzina lawo ndi a Thumbiko, amalima khofi kufupi ndi Mzuzu. Tinakumana pa ukwati wa msuweni wanga chaka chatha, ndipo chiyambireni foni yanga siizizira. Kuntchito ndimamwetulira ngakhale pobaya munthu jakisoni. Kungoti kubwera kuno akana. Akuti, "Mayi, kuzizira ndili nako kale kwathu, nanga ndikwererenso ndege kukafuna kwina?" Ndiye wopita ndine. Nyumba yanga ndiika pa lendi, mwana wanga wamkazi atsala pa yunivesite ku Manchester.

Lamlungu ndinalengeza kutchalitchi. Amayi a kwaya atayamba misozi ndinati, "Musalire, ndikubwera." Mnzanga Shirley anandikokera pambali: "Ndikubwera wakoyo ndi wa zaka zingati? Iwe, pepala lija limafa." Ndinapsa mtima. Munthu wa digiri ngati ine, Chingelezi andiphunzitse Shirley? Indefinite si ndiye muyaya? Mlamu wanga Eston akuti ndi nsanje chabe. Akuti ndizingotera ku Manchester mwa apo ndi apo, kudya tchipisi pa eyapoti n'kubwerera. Za msonkho akuti ukachoka wachoka.

Sindikufuna tsiku lina ndidzaime pamzere wa viza kuti ndikaone mwana wobereka ndekha. Komatu Aphungu, a Thumbiko akundidikira, ndipo masutikesi ndatsitsa kale. Nditani?

C.N., Leeds

Mayi C.N.,

Choyamba, nthungululu! Chachiwiri, kapepeseni kwa Shirley, mupite ndi keke. Digiri nanenso ndili nayo, koma pa nkhani iyi iye ndiye wakhoza mayeso.

Vuto ndi "ndikubwera" wanuyo. Ife Amalawi mawuwa timawanena msana uli kale pakhomo. Malume anga anati "ndikubwera" akupita ku Joni, tinadzawaonanso ali ndi imvi ndi ndodo, ndipo palibe anadabwa. Kwathu timamvana. Angelezi satero, iwo amayang'ana kalendala. Mukakhala kunja zaka ziwiri zathunthu osaponda muno, chilolezocho chimatha chokha, popanda wokuimbirani foni. Njira yopemphanso ilipo, koma ndi yogwada, ndipo akhoza kukana.

Nzeru ya tchipisi ya a Eston si yabodza yonse. Kubwera kumadula zaka ziwirizo. Koma mayi, ndikukudziwani ngakhale sitinaonane. Khofi adzacha, apongozi adzadwala, tikiti idzakwera mtengo, inu mudzati "mwezi wamawa", n'kudzazindikira tsiku litadutsa. Njira yokaonera mwana wanu mufuna idalire zimenezo?

Cholimba ndi unzika wa dziko lino, chifukwa sutha kaamba koti mwini wake wakwatiwa ku Mzuzu. Nthawi zambiri chikatha chaka chilandirireni ILR mukhoza kupempha, bola m'chaka chimenecho musakhale kunja masiku opitirira 90. Inde, kukaona bambo mukhoza, koma muziwerenga masiku ngati mapiritsi a wodwala. Malawi masiku ano amalola unzika wa mayiko awiri. Funsani ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku London zoyenera kulembetsa.

Tsono za msonkho, apa ndiye mwandikwiyitsa. Mwatsanzika abusa, kwaya, ngakhale wotsegula tchalitchi, koma a HMRC, okhometsa msonkho muno, mufuna kuwazemba ngati mlendo woti sanakhute? Mwano umenewo! Auzeni mukamadzachoka. Nyumba ikakhala pa lendi muno, msonkho wake umatsala muno, ngakhale inu muli m'munda mutavala magambutsi. Mudzalembetse ngati mwini nyumba wokhala kunja. Mukakayamba ntchito kumudzi, a MRA nawo adzafuna zawo. Pezani munthu wodziwa misonkho ya mayiko awiriwa akuunikireni kuti musalipire kawiri, ndipo munthuyo asakhale mlamu wanu.

Malamulowa amasinthasintha, choncho musanagule tikiti funsani loya woona za anthu obwera muno. Pakadali pano bwezani masutikesi pamwamba pa wodiropu, ndipo ntchito musasiye. Imbirani a Thumbiko lero lomwe, muwauze kuti mkwatibwi achedwa ndi chaka ndi miyezi ingapo, chifukwa chake ndi mwana. Kenako khalani chete mumvetsere. Akati "ndidikira", pitani kwa telala. Akayamba kung'ung'udza, nsalu ya ukwati musagule kaye.

Aphungu