Tsitsi la Tsabola

Lolemba, 4 Malichi

Kushopu zii. Mitu itatu tsiku lonse, wina wangongole. Magetsi anazimanso ndili pakati pometa munthu.

Mwezi wakwana chitulukire Tsabola m'chipatala. Khansa akuti yatha, chotupa cha m'bondo anachichotsa. Anthu akundigwira chanza ngati ndawina mpikisano. Koma mwendo uli gwa. Mwana wanga wa zaka zisanu akukhwekhwereza thako kuchoka kuchipinda kupita pabalaza. Pakamwa pokha ndiye mpomwe paja, sitinamutche Tsabola pachabe.

Adokotala akuti mafizo katatu pa sabata, ndi chitsulo chomangira mwendo. Bondo likapanda kupindidwa miyezi inoyi, liuma mpaka kalekale. Mtengo wake ndinafunsa kawiri, ndimayesa sindinamve bwino.

Lachinayi, 7 Malichi

Gulu la pafoni lopempha thandizo amayendetsa ndi mlamu, mng'ono wa mayi ake a Tsabola. Nthawi ya matenda zinkalowa ndithu. Chithunzi chija: mutu wampala, dilipi pamkono, maso okhaokha. Anthu osatidziwa n'komwe ankatumiza.

Sabata yatha mlamu anaika chatsopano. Tsabola akuseka, tsitsi litamera. Mayankho mbwee. Mulungu ndi wabwino, timitima, timanja topemphera. Ndalama ayi. Kaya timitima timeneti amalandira kogula zitsulo.

Ndaika kachitini pafupi ndi galasi. Mkulu wina wandevu anawerenga kapepala kake n'kupukusa mutu. "Mnzako akapsa ndevu m'zimire," anatero, n'kuponyamo zosakwana ngakhale lezala. Ndevu zakezo zinali m'manja mwanga. Ndinadzigwira.

Loweruka, 9 Malichi

M'mawa uliwonse Tsabola amabwera ndi chipeso changa chakale, kukhwekhwereza mpaka pamapazi panga. "Adadi, yezani." Ndimaimika chipeso pamutu, ndimanena kuti tsitsi lakula, ngakhale dzulo ndinanena zomwezo. Lofewa ngati la khanda. Akufuna lifike poluka, ngati la mnzake wa nyumba yoyandikana nayo.

Loyamba lija ndinameta ndine. Linkatsala papilo chifukwa cha mankhwala, iye n'kumalitola akulira. Pa mitu yonse imene ndameta moyo wanga, manja ananjenjemera pa umenewo wokha. Tsiku limenelo ndinamulonjeza kuti likadzameranso, makina anga sadzafikanso pamutu pake. Anandigwiritsa khutu polumbira.

Lamulungu, 10 Malichi

Mlamu anabwera masana. Tinakhala pakhonde. Anazungulirazungulira, kenako anatulutsa. "Alamu, anthu sapereka kwa mwana wooneka bwino. Inu ndinu wometa. Chithunzi chimodzi chokha. Tsitsi limamera, bondo silimera."

Ndinamuuza kuti anyamule kachikwama kake. Zina zimene ndinanena sindilemba muno. Mwana wanga si chikwangwani.

Andiwawa kwambiri ndi mayi ake. Anangoyang'ana zala zawo. Tsabola anali pamkeka pabalaza, akujambula ndi makrayoni, zenera lili pululu.

Lachitatu, 13 Malichi

Ndagulitsa mpando wachiwiri wa kushopu ndi fani. Zakwana maulendo awiri a mafizo. Chitsulo ndiye maloto.

Tinapita lero, ine nditamubereka. Chipinda chonunkha mankhwala, mipira ikuluikulu, zitsulo ziwiri zogwirira poyenda. Mayi wa mafizo atagwira bondo kuti alipinde, Tsabola anakuwa mpaka anthu a pabenchi anasuzumira. Silinapinde ngakhale theka. Potuluka mayiyo anandikokera pambali. "Mwachedwa kale, bambo. Musachedwenso."

Pobwerera, mwana ali kumsana, anandifunsa ngati anti ake anakwiya. Ndinati ayi. Anati nanga bwanji sakumujambulanso.

Lachinayi, 14 Malichi

Ndaimbira achimwene. Akuti fizi ya ana. Mwini nyumba akuti iyenso ali ndi mavuto, n'kundikumbutsa za lendi. Abwana a mayi ake anapereka kale nthawi ya opaleshoni, kupitanso n'kuwatopetsa. Aliyense anapereka kale. Ndi zoona, sindingawade. Anthu anatithandiza kuti mwana asafe, ndipo sanafe. Kwa iwo nkhani inathera pamenepo.

Mayi ake, akutsuka mbale, osandiyang'ana: "Bambo a Tsabola, sindikuti mumumete. Ndikungoti mng'ono wanga sananame."

Ndinatuluka osadya.

Lachisanu, 15 Malichi

Ndabwera ndi chikwama cha kushopu kunyumba. Makina, sizasi, nsalu yapakhosi. Sindichita zimenezi masiku onse. Ndinadziuza kuti ndikuopa akuba.

Ndinachiika pansi pa tebulo. Tsabola anachiyang'ana, n'kundiyang'ana ine. Sindinachitsegule. Ndikudzida ndekha.

Loweruka, 16 Malichi

M'mawa ndinatenga chikwama osayang'anamo. Ndili kushopu, kasitomala atakhala kale pampando, sizasi palibe. Ndinamusiya munthu ndi nsalu pakhosi, n'kuthamangira kunyumba.

Mayi ake anali kuseri, kuchapa, osadziwa kanthu. Tsabola pamkeka, mwendo wouma uja atautambasula, kagalasi ka mayi ake atakatsamiritsa kumwendo wa tebulo. Mutu zigamba zokhazokha. Pamwamba pa khutu kamagazi. Tsitsi analisonkhanitsa bwinobwino m'kabokosi ka makrayoni.

Sanalire. Ndikanakonda akanalira.

"Adadi, inu munalumbira, ndiye ndameta ndekha. Aitaneni anti adzandijambule." Kenako anafunsa, ngati mmene amafunsira za sukulu: "Ndisaseke, eti?"

Ndinakhala pansi pomwepo. Zigambazo zimafunika kusalaza, wometa aliyense angakuuze. Makina ndinawasiya kushopu. Foni inali m'thumba. Mayi ake analowa manja ali thovu, n'kuima pakhomo, ndipo ine ndinatulutsa foniyo.

Lolemba, 25 Malichi

Ndalama zakwana. Chitsulo tikayezetsa mawa, mafizo talipira mpaka Juni. Mlamu akuti gulu silinayambe laperekapo chonchi. Ena akufunsa ngati matenda abwereranso. Ndamuuza kuti awayankhe kuti ayi, ngakhale aleke kutumiza.

Bondo lapinda pang'ono Lachisanu. Mayi wa mafizo anaomba m'manja. Ndiyenera kukondwa.

Kushopu ndikumeta bwinobwino, manja sakunjenjemera. Kabokosi ka makrayoni kali m'drowa, pansi pa malezala.

M'mawa ndimachedwa dala kuvala nsapato. Chipeso chili pawindo, pomwe Tsabola angathe kuchifikira. Lero sanabwerenso nacho.