Juzi Yoluma

Lolemba, 10 Juni

Mwezi watha chimwalirireni mkazi wanga. Tsiku lomaliza kukhala bwino, Jemima anali pampando wapulasitiki akutongola mtedza, atavala juzi yake yofiira yogula pasalaula, pamsika wa zovala zovalidwapo kale. Anakhula msana kumpando, nʼkundigwira khutu. Thwa! Ndinadumpha. "Magetsi aulele, bambo a Temwani," anatero akuseka.

Mawa a Tryphena, akulu ake, akubwera kuchokera ku Kapichila kudzatenga zovala kuti akagawane pachibale. Atenge zonse, juzi yokha ayi. Koma mwamuna angapemphe bwanji juzi yachikazi?

Lachiwiri, 11 Juni

Ndinawapatsa mpando womwewo. "Tayesani juziyi, alamu." Anavala, anadzigwedeza, nʼkutambasula dzanja kuti atsegule thiranki yachitsulo. Thwa!

"Mayo! Yaniluma!"

Kachiwiri, chimodzimodzi. "Jemima akukana," anatero. Ine phee. Apita osatenga ngakhale duku.

Lachitatu, 12 Juni

A Mapopa ankatiphunzitsa mu Giredi 9: chinthu chilichonse ndi maatomu, ndipo kunja kwa atomu kumazungulira maelekitironi, ena osagwira kwenikweni. Ukakhula juzi papulasitiki amasamuka, mbali imodzi nʼkuchuluka. Ukakhudza chitsulo amadumpha nthawi imodzi. Muwaya wamagetsi ndi omwewo, kungoti amayenda mondondozana. Kunja kukauma chonchi ndiye nyengo yawo.

Mayeso ndinalephera. Dzulo ndakhoza.

Lachisanu, 14 Juni

Amock wa kuchigayo akuti a Tryphena sakudya. Akuti mngʼono wawo wawakwiyira chifukwa anafika kuchipatala atamwalira kale.

Izi sindinaziganizire.

Loweruka, 15 Juni

Ndinamanga thiranki panjinga, wa ku Kapichila. Ndinawafotokozera a Tryphena za maatomu. "Izo nʼza kusukulu, mulamu," anatero, nkhope pansi.

Ndinabwereka mpando wapulasitiki. Ndinavala juziyo pamaso pa azimayi onse, manja ake akulekeza mʼzigongono, mimba panja. Ndinadzikhula ngati ngʼombe pamtengo, nʼkugwira thiranki. Thwa!

"Mwaona? Nanenso yandiluma, pomwe ndinali naye mpaka mapeto."

A Tryphena anadzutsa mutu. "Ndiye kuti munadziwa, mfiti inu!" Anaseka mpaka kuseka kuja kunasanduka kulira.

Zitenje ndi nsapato agawana. Juzi ndawaveka ndekha a Tryphena. Ndabwerako ndi thiranki yopanda kanthu, ikuchita phokoso njira yonse.