Lero Waya Ndigwira Ine

Achemwali, 08:12
lole ya katundu yafika. iwe uli pati? amayi akukana kuti anyamatawa akhudze kabati ya mbale mpaka dokotala wawo afike

Dokotala, 08:20
pepani achemwali, andiitana ku chipatala. mayi wina wabereka m'mawa uno koma magazi sakusiya

Amayi, 08:26
[uthenga wa mawu, 0:14] Mwana wanga, iwe si uja wojambula X-ray? Za obereka zakupeza bwanji? Koma wadya?

Dokotala, 08:28
ndifotokoza later amayi. a consultant, dokotala wamkulu amene akundiphunzitsa, akuti lero waya ndigwira ine, iwo angoima pambali. first time pa munthu

Achemwali, 08:29
miyezi yonse ija ukuvutitsa zidole za pulasitiki? ukwanitsa. pita

Achemwali, 09:40
zikuyenda?

Achemwali, 10:15
tafika ku nyumba yatsopano. kabati yakana kulowa, tachotsa chitseko

Amayi, 10:52
[uthenga wa mawu, 0:11] Ine ndasiya kumasula makatoni, ndakhala pansi ndikupempherera mayi uja.

Achemwali, 11:30
iwe tayankha ngakhale ka ok pls

Dokotala, 11:58
magazi asiya

Dokotala, 12:01
madokotala a opaleshoni anali okonzeka kale kumuchotsa chiberekero ife tikalephera. mtsikana wamng'ono, mwana woyamba

Dokotala, 12:04
amayi, ndinalowetsa waya ndi kachubu kowonda mumtsempha wa pantchafu. X-ray ija imandionetsa njira pa screen mpaka ndinafika pomwe magazi amatulukira, nkutsekapo

Dokotala, 12:06
mtsempha wa kumanzere kwa chiberekero unandikana kawiri. ndinatembenuka kuti ndiwapatse a consultant, iwo manja kumbuyo. anangoti ndipume, ndibwerere pang'ono, ndilowenso. kachitatu kanalowa

Amayi, 12:10
[uthenga wa mawu, 0:09] Ndiye simunamung'ambe pamimba?

Dokotala, 12:11
ayi. kabala kake kochepa kuposa chikhadabo chanu

Amayi, 12:15
[uthenga wa mawu, 0:21] Nanga bwanji sumanena? Anzanga onse ndinawauza kuti umajambula mafupa a anthu othyoka. Ndiwaimbira mmodzimmodzi.

Achemwali, 12:16
ayamba kale kkkk. akuwauza kuti umasoka munthu mkati osamutsegula

Dokotala, 12:20
asiyeni, sanalakwitse kwambiri. msana wanga koma! apuloni ya mtovu yotiteteza ku X-ray imalemera ngati ndabereka kumbuyo mwana wa standard 1. malaya onse thukuta

Achemwali, 12:21
a consultant akuti chani

Dokotala, 12:23
angoti good, lolemba ubwere molawirira. kwa iwo zimenezo ndi nthungululu

Dokotala, 13:05
ndapita ku ward. wadzuka, akuyamwitsa. mwamuna wake wandifunsa njira ya ku pharmacy, sakudziwa kuti ndine ndani. ndamulozera

Dokotala, 13:06
ndaima kaye pakhomo pano, ndikungowayang'ana

Achemwali, 13:07
ima. kuno kulibe changu