Mkamwini wanga akufuna kundilanda phiri ndi Chisipanishi cha pa foni

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 76, wa kufupi ndi Njuli kuno ku Chiradzulu. Sukulu sindinapiteko. Kalatayi akundilembera mwana wanga Bernadetta, ndipo amene ndikumudandaula ndi mwamuna wake, Denis. Ndamuuza alembe zonse, asachotsepo kanthu.

Phiri la Chiradzulu ndinayamba kulikwera ndili wamng'ono. Ndikudziwa mwala umene mbira zimaotherapo dzuwa, ndi mkuyu umene anyani amadyamo m'mawa. Zaka zitatu tsopano kumabwera alendo a ku Spain, anzawo a abambo a ku parishi, ndipo wowaperekeza ndine. Chiyankhulo sitimvana, koma sitinavutikepo, chifukwa kuthengo sitiyankhula. Ndikaona nyama ndimaima, n'kuloza ndi mlomo, iwo n'kujambula. Atsibweni anga anandiphunzitsa choncho: nyama suitchula dzina ili pafupi.

Chaka chatha Denis, amene amayendetsa kabaza, anaika Chisipanishi pa foni yake, n'kutitsatira. Ndinavutika kuyambira mbandakucha kusaka anyani. Titangowapeza, iye mokuwa, "Mono! Mono!" Anyani onse balala! Alendo anaseka, n'kumuombera m'manja. Chithunzi sanajambule ngakhale chimodzi.

Mwezi wamawa akubweranso. Denis akuti, "Ababa, inu mupume. Alendo amafuna munthu wotchula mayina." Mkamwini amene tinachita kumupatsa malo omangapo nyumba! Ndinaugwira mtima, ndinati chabwino, ndiphunzitse. Anandiwerengera mayina makumi anayi ulendo umodzi, nditalephera n'kundiseka pamaso pa adzukulu. Ine amene ndinaloweza Misa yonse ya Chilatini ndi makutu okha!

Tsono ndaganiza zomusiya akwere nawo yekha. Kumtunda kuja nkhungu ikagwa, tidzaone ngati foniyo idzamuuze njira. Kodi ndalakwa?

D.M., Njuli

Bambo D.M.,

Mkwiyo wanu ndaumva, ndipo Denis analakwa. Kuseka apongozi pamaso pa ana ndi mwano, kaya munthu akudziwa ziyankhulo zingati. Itanani ankhoswe mumuuze poyera. Bernadetta asakhale mthenga wanu, banjalo ndi lake.

Koma mawu a Chisipanishiwo musadane nawo chifukwa cha amene wawabweretsa. Mlendo akamva dzina la nyama m'chiyankhulo chakwawo amakondwa, n'chifukwa chake anaomba m'manja. Makumi anayi ngachiyani? Sankhani nyama zisanu zimene mumakumana nazodi. La nyani mwalidziwa kale. Njoka amati "serpiente", kadzidzi amati "búho". Tengani dzina limodzi pa tsiku, Bernadetta azikutsegulirani pa foni kuti mulimve, inu muzilibwereza popita kumunda. Makutu amene anasunga Chilatini sangalephere zimenezi.

Kenako mugwirizane ntchito pamaso pa ankhoswewo. Kuthengo patsogolo ndinu, Denis foni m'thumba, pakamwa potseka. Mayina aziwatchula mukakhala pansi popuma, zithunzi zitajambulidwa kale.

Zomusiya yekhazo, iyayi. Nkhungu sidzasankha Denis yekha. Alendowo amakhulupirira inuyo, ndipo wina akakathyoka mwendo kuphompho, sikudzabweranso munthu, kwa iye kapena kwa inu. Kwerani nawo.

Akadzatsika alendowo mudzandilemberenso, mudzandiuze kuti Denis anatha mphindi zingati ali chete.

Aphungu