Ufa wa Malemu

Amayi anga, kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno tilipo. Nandolo wabereka bwino kumunda kwanu kuja, ndipo mdzukulu wanu Asiyatu, amene munamusiya ali m'mimba, wayamba kukwawa. Mphumi ndi yanu yeniyeni. Ndikulemba mothamanga chifukwa mawa atsibweni aitanitsa abale kuti adzandifunse.

Nkhani yake ndi ufa wa phala la ana munandiphunzitsa uja, wa soya, mtedza ndi chimanga chokazinga. Ndimagulitsabe pa Namitambo tsiku la sikelo. Mayi wina wa ku Limbe anagula, mwana wake wokana kudya n'kumaliza mbale yonse. Atabweranso anandifunsa dzina la ufawo. Ine osaganiza ndinangoti ndi wa malemu, kutanthauza kuti nzeru zake ndi zanu. Iye anajambula mwanayo pafoni akunyambita supuni, n'kutumizira anzake kuti gulani Ufa wa Malemu. Anzakewo anajambulanso ana awo. Sindinalipire munthu, sindinapite pa wailesi, koma akabaza akungobwera pakhomo kudzatengera anthu ufa. Paja munkati wogula akakhuta, pakamwa pake ndi pako. Zinali zoona.

Koma kumudzi kuno dzinalo alimva mwina. Kuchitsime akuti malonda sakula chonchi popanda chizimba, ndiye kuti ndinakukhwimirani, ndipo mu ufamo muli inu. Amayi, ine amene ndinkakutembenuzani pamphasa! Dzana pa sadaka palibe anafuna kumunyamula Asiyatu. Akandithamangitsa pano, ndilowera naye kuti?

Ndinafuna kusiya, koma akanati wagwidwa. Ndiye ndawauza zonse amayi ogula aja, ndawapempha kuti akamajambula azitchula dzina lanu lenileni. Ayamba kale. Wa ku Limbe uja wafotokoza yekha pa kanema mmene dzina lija linayambira. Mawa ndidzaika foni pamphasa, atsibweni adzaone okha chizimba changacho: ana a eni ake milomo ili mbuu ndi phala, amayi a anawo akuthokoza inuyo mlongo wa atsibweniwo, Abiti Saidi.

Pepani kuti dzina lanu likuyenda m'mafoni a anthu osakudziwani. Ndikudziwa munali amanyazi, ngakhale chithunzi chomwe munkachithawa. Koma bola azikutchulani ndi dzina.

Kaya andimvera, kaya ayi, ndikulonjeza kuti Asiyatu adzakula akudya phala la Abiti Saidi, osati la malemu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Patuma